ZA KUSUNGA MATABWA A PA KHONDE KUTI ASAOLE

Inu eni nyumba, ndi inu amisiri a m'midzi, cherani khutu ku mau awa onena za matabwa okhala pabwalo. Tinena makamaka za khonde loyalidwa ndi matabwa, longa limene lipezeka pa sitolo, pa sukulu, kapena pa nyumba yomangidwa pamwamba pa mizati. Koma mau omwewa athandizanso munthu amene ali ndi ngolo ya ng'ombe, kapena mudzi umene uli ndi ulalo wa matabwa pa kamtsinje. Pakuti nthenda ya matabwa onsewa ndi imodzi, ndi mankhwala ace ndi amodzinso.

Nkhani iyi siri yaing'ono ai. Thabwa loola silicenjeza munthu. Pamwamba lioneka lolimba, koma m'kati mwace mwasanduka pfumbi, ndipo tsiku lina lithyoka pansi pa phazi la mwana wothamanga, kapena la mai wosenza ndowa ya madzi. Mwendo wothyoka ndi bala la msomali wadzimbiri ndizo zoyamba kuziopa. Caciwiri ndico ndalama, pakuti kuyala khonde lonse ndi matabwa atsopano kulira ndalama zambiri koposa citini ca mafuta ndi nchito ya masiku owerengeka.

Mwa zonse zolembedwa muno gwiritsani ici: cimene cisunga thabwa ndico kuuma. Mafuta ndi utoto zingothandiza thabwa kukhala louma, ndipo zithandiza pokhapo zapakidwa pa thabwa lamoyo, loyera ndi louma.

1. MATABWA A LERO SALI NGATI A KALE

Akuru akale anamanga ndi mitengo yolimba ya m'chire: mlombwa, muwanga, tsanya wa kucigwa, ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mtima wa mitengo imeneyi uli ndi mankhwala ace a cibadwidwe amene ciswe ciwada, kotero kuti mzati wa muwanga ukhoza kuima m'nthaka zaka zambiri. Koma mitengo yotere yacepa. Mkungudza wa Mulanje unachedwa mtengo wa pfuko la Malawi m'caka ca 1984. Koma pamene anthu anakwera kukauwerenga m'caka ca 2017, anapeza mitengo yaikuru 7 yokha yotsala. Ndiponso lamulo la nkhalango la caka ca 1997 liletsa kudula mitengo m'nkhalango za Boma wopanda cilolezo.

Cotero matabwa amene ambiri a inu mugula lero ndiwo a paini, monga a ku Chikangawa, kapena a bulugamu. Paini ndi wopepuka ndi wofewa pomupala, koma alibe mphamvu yokana ciswe ndi kubvunda. Bulugamu ndi wolimba, koma ang'aluka akauma mofulumira padzuwa. Ndipo ngakhale pa mtengo wolimba, mnofu woyera wa kunja, wa pafupi ndi khungwa, uola msanga. Mtima wokha ndiwo upirira. Mukaona thabwa la mlombwa lokhala ndi mzere woyera m'mphepete, dziwani kuti adani adzayambira pomwepo.

2. ADANI ATATU A THABWA

Woyamba ndiye dzuwa. Kuwala kwace kuononga utomoni umene ugwirizanitsa tiluzi ta pamwamba pa thabwa, mvula nikokolola zoonongekazo. Ndico cifukwa cace thabwa lakale lituwa ndi kucita mayangayanga. Kutuwa kumeneku nkwa pamwamba pokha, ndipo thabwa lotuwa likhoza kukhala lamoyo ndithu m'kati. Koma dzuwa licitanso cina. Liumitsa pamwamba pamene pansi pakali pa cinyontho, ndipo thabwa ling'aluka, kapena lipindika ngati bwato. Ming'alu ndi mabwato amenewa asunga madzi.

Waciwiri, ndiye wamkuru wa onse, ndiwo madzi. Thabwa liri ngati mtolo wa timabango tating'ono tomangidwa pamodzi, totambalala m'litali mwace. Cifukwa cace madzi alowa pang'ono pang'ono m'mbali, koma kunsonga kumene anadutsa maceka amwedwa msanga. Kubvunda ndiyo nchito ya tizomera ta mtundu wa bowa, timene timizu tace toyera ngati thonje tilowa m'thabwa ndi kulidya. Tizomera timeneti sitingathe kukula m'thabwa louma. Odziwa za mitengo anayesa napeza kuti thabwa siliola ngati madzi a m'kati mwace safika magawo 20 pa magawo 100 a kulemera kwace. Tsono mvula yogwa ndi kucoka siiononga kwambiri. Madzi okhalitsa ndiwo aononga.

Wacitatu ndico ciswe. Cicokera m'nthaka, ndipo popeza ciopa kuwala ndi mphepo youma, cimanga njira zace zomata ndi dothi pokwera pa mzati. Cidya m'kati ndi kusiya cikungwa ca kunja cokha. Cikonda koposa mtengo wonyowa wogunda pansi. Palinso tizirombo toboola timabowo m'mnofu woyera uja. Muzindikira nchito yao poona ufa wosalala pansi pa thabwa lofumbwa.

Taonani kuti adani atatuwa athandizana. Dzuwa litsegula ming'alu, madzi alowamo, ndi ciswe citsata cinyontho.

3. YAMBANI MWAYESA MATABWA ANU

Musagule mafuta musanadziwe nthenda ya khonde lanu. Tengani msomali waukuru ndi nyundo, nimuyende thabwa ndi thabwa.

Bayani ndi msomali kunsonga za matabwa, pozungulira mitu ya misomali, ndi pamene thabwa ligona pa mtanda. Ngati msomali ukana kulowa, thabwalo ndi lamoyo, lingakhale latuwa. Ngati ulowa ngati m'mbatata yophika, laola. Gogodaninso ndi nyundo: thabwa lodyedwa ndi ciswe lilira ngati ng'oma.

Mutatero, weramani nimuyang'ane pansi pa khonde. Anthu ambiri asamala pamwamba pooneka ndi alendo, naiwala mitanda ndi mizati imene isenza katundu yense. Ngati mtanda waola, matabwa abwino a pamwamba sadzapulumutsa munthu.

Thabwa loola licotsedwe, osalengeza. Palibe mafuta amene angabwezere mphamvu m'mtengo wobvunda. Ndipo kupaka utoto pamwamba pace ndiko kubisa mbuna pa njira ya ana anu. Ngati yaola nsonga yokha, dulani kufikira pa mtengo wamoyo, nimulumikize cidutswa catsopano pamwamba pa mtanda, kuti nsonga zonse ziwiri zikhale ndi pogona. Thabwa lolowa m'malo likhale louma. Laliwisi liyambe lakhala miyezi ingapo pamthunzi, losanjikidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo ipite.

Ciyeso cotsiriza ndico ca madzi. Wazani madzi a m'dzanja pa thabwa louma. Akaima ngati mikanda, mafuta akale akali ndi mphamvu, ndipo atsopano sadzalowa. Akamwedwa msanga ndi kudetsa thabwa, nthawi yopaka yakwana.

4. TSEGULANI NJIRA YA MADZI NDI MPHEPO

Nchito iyi siifuna ndalama, koma iposa mafuta onse.

Pakati pa thabwa ndi linzace pakhale mpata wa mamilimita 5, ndiko kunenepa kwa msomali waukuru. Mipata imeneyi itsekeka ndi dothi, masamba, mankhusu a cimanga ndi zitosi za nkhuku, ndipo zinyalalazo zikhala zonyowa dzinja lonse. Zikolopoleni ndi mpeni wakale kapena waya.

Cotsani zonse zosungidwa pansi pa khonde. Nkhuni zounjikidwa pamenepo ziitana ciswe ndi kutseka mphepo. Lambulani udzu, nimukumbe kangalande kuti madzi ocokera padenga apite kutali, asaime pansi pa matabwa. Ngati denga lidontha, kapena nlalifupi kotero kuti mvula igwera pa nsonga za matabwa, likonzeni mvula isanadze.

Mzati usaime pa dothi ngati nkotheka kuuimika pa mwala waphanthi kapena pa simenti yokwezeka. Potero tsinde lace likhala louma, ndipo ciswe cikafuna kukwera ciyenera kumanga njira yace poyera, pamene inu mudzaiona. Ena amawaula tsinde la mzati pamoto asanaukwirire. Musakhulupirire kwambiri njira imeneyi, pakuti moto ung'alula mtengo, ndi ciswe cilowa pa ming'alu.

Musasiye mphasa, matumba, mitsuko kapena ndowa pa malo amodzi masiku ambiri. Pansi pa mtsuko wa madzi ndipo payamba kubvunda. Misomali yotuluka muikhomere, ndi yadzimbiri muizule. M'malo mwace ikani yosacita dzimbiri, imene m'masitolo aicha galvanised.

5. KUTSUKA NDI KUUMITSA

Mafuta opakidwa pa litsiro amata litsiro, osalowa m'thabwa. Sesani bwino, nimutsuke ndi madzi a sopo ndi burashi yolimba, kukweca motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa. Pamene pali ndere kapena cuku cakuda, sakanizani cikho 1 ca Jik ndi zikho 4 za madzi, pakani, dikirani pang'ono, nimukwece ndi kutsukuluza ndi madzi ambiri. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, pakuti aturutsa mpweya woipa wopweteka cifuwa. Ndipo madzi ace asapite ku dimba kapena ku citsime.

Tsono lekani matabwa aume masiku awiri kapena atatu a dzuwa. Pano ndi pamene ambiri alakwa. Pamwamba pauma m'maora owerengeka, koma m'ming'alu ndi kunsonga mukali madzi. Ndipo wopaka mafuta msanga atsekera madziwo m'kati. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Atauma, kwecani ndi sandipepa kucotsa mayangayanga otuwa ndi zobaya mapazi, kufikira maonekedwe a mtengo ayamba kubwera. Sikufunika kupala kwambiri. Sesaninso pfumbi lonse. Koma ngati khonde linapakidwa utoto wakale wa mafuta, cenjerani: utoto wina uli ndi mtobvu, umene pfumbi lace liononga ubongo wa ana ang'ono. Utoto wotere muunyowetse ndi kuupala ndi citsulo, musaukwece pouma kapena kuutentha. Tolani zopalidwazo, ndipo ana ndi amai apakati akhale kutali.

6. MAFUTA OYENERA NDI OSAYENERA

Mafuta ali a mitundu iwiri: ena auma akakhudzana ndi mphepo, ena sauma konse.

Mafuta a mtedza, a nsatsi ndi ena ophikira sauma. Akhala onona, agwira pfumbi, anunkha, naitana nyerere. Musataye mafuta a ndiwo pa matabwa.

Mafuta akuda otsanulidwa m'injini ya galimoto ambiri awakonda popeza apezeka caje. Koma ali ndi zoipa zimene zidwalitsa khungu, ndipo kuwakhudza kawiri kawiri kungadzetse khansa. Sauma, aterera pa mvula, ndipo akokoloka kulowa m'nthaka ndi m'madzi akumwa. Asapakidwe pamene anthu akhala, pamene ana akwawa, kapena pa ulalo wa pa mtsinje.

Vanishi ndi utoto wonyezimira zipanga khungu pamwamba pa thabwa. Pa citseko ca pamthunzi nzabwino. Koma pa malo opondedwa ndi oombedwa ndi dzuwa khungulo ling'ambika, madzi alowa pansi pace nasowa poturukira, ndipo thabwa liola mobisika. Pofuna kupakanso muyenera kupala lonse.

Oyenera ndiwo mafuta olowa m'thabwa ndi kuumira momwemo. Odziwika ndiwo a linseed, ofinyidwa ku mbeu za comera cochedwa flax. Gulani olembedwa boiled, amene auma pa tsiku limodzi kapena awiri. Aawisi acedwa masiku ambiri. Musayese kuwawiritsa nokha, pakuti agwira moto. Enanso ndiwo a tung, amene akana madzi koposa a linseed. Mtengo wa tung unacokera ku China, ndipo unalimidwa m'dziko muno ku Thyolo, ku Mulanje ndi pa mapiri a Viphya. Malo ofufuza za ulimi a ku Bvumbwe anatsegulidwa m'caka ca 1940 cifukwa ca mbeu imeneyi, koma malonda ace anatsika pambuyo pace. Mukaupeza mtengowu wotsala pa munda wakale, letsani ana kudya mbeu zace, pakuti nzaululu.

Dziwani malire a mafuta amenewa. Achinga madzi, koma sapha ciswe. Ndipo a linseed adetsedwa ndi cuku pa malo a mthunzi ndi cinyontho. Mafuta oyera sachinganso dzuwa. Cifukwa cace m'masitolo a zomangira mupezeka mafuta opangidwira matabwa a pabwalo, osakanizidwa ndi mankhwala oletsa cuku ndi utoto pang'ono wofiirira. Utoto umenewo ucita ngati mthunzi pa thabwa, cotero mafuta amtundu akhalitsa koposa oyera. Werengani zolembedwa pa citini, nimuzitsate.

7. KAPAKIDWE KACE

Sankhani tsiku lopanda mitambo, ndi lopanda mphepo yaikuru youlutsa pfumbi. Yambani mame atauma, kapena dzuwa litapendeka. Pa thabwa lotentha la masana mafuta auma pamwamba asanalowe.

Yambani ndi nsonga za matabwa. Zimwetseni kawiri kapena katatu kufikira zakana, pakuti ndizo makomo a madzi. Thiraninso m'ming'alu ndi pa mitu ya misomali. Thabwa latsopano lipakidwe mbali zonse lisanakhomedwe, pansi pomwe.

Pakani pamwamba ndi burashi kapena nsanza, matabwa awiri kapena atatu nthawi imodzi, kuyambira kunsonga kufikira kunsonga, osalekeza pakati. Yambirani kukhoma ndi kutsirizira ku makwerero, kuti musaponde popakidwa. Ngati mafuta a linseed ali okhuthara, mukhoza kuwasungunula ndi turpentine pa kupaka koyamba kuti alowe bwino. Koma moto ndi fodya zikhale kutali.

Patapita mphindi 20 kapena 30, pukutani ndi nsanza youma mafuta onse amene thabwa lakana kumwa. Ici musaciiwale. Mafuta otsala pamwamba sauma bwino. Akhala omata ngati ulimbo masabata ambiri, nagwira pfumbi ndi mapazi a nkhuku. Kupaka mopyapyala kawiri kuposa kupaka mocuruka kamodzi. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri, nimupakenso. Thabwa lakale la ludzu lingafune kacitatu. Pingani khonde ndi cingwe kapena minga, kuti anthu ndi mbuzi asapondepo kufikira lauma.

8. MOTO WA M'NSANZA

Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed kapena a tung zikhoza kuyaka zokha, popanda munthu woyatsa. Pouma mafutawa aturutsa kutentha. Ndipo nsanza zikaunjikidwa pamodzi kutenthako kusowa kopita, kukula, kufikira moto ubuka, kawiri kawiri usiku anthu ali m'tulo. Nyumba zapsa ndi moto wotere. Potsiriza nchito, tambasulani nsanza iri yonse payokha pa mwala kapena pa dothi, kutali ndi nyumba ndi udzu, kufikira yauma gwa. Kapena muzimize m'citini ca madzi. Musaziponye m'thumba, m'dengu kapena pansi pa khonde.

9. ZA MANKHWALA A CISWE

Pa mizati ndi mitanda ya pansi mungapake mankhwala osungira mitengo, monga Solignum, makamaka pa nsonga ndi polumikiza. Mankhwala otere ndi aululu. Bvalani zochinga manja, pakani pa malo opita mphepo, nimusambe musanadye. Zitini zace zisatungire madzi. Asapakidwe pamene pagunda cakudya, monga m'kati mwa nkhokwe, pa thandala loyanikapo ufa, kapena pa matabwa a ngolo yotutira cimanga cosaikidwa m'matumba.

Palinso mitengo ndi matabwa ogulitsidwa atalowetsedwa kale mankhwala ndi makina, ambiri ooneka obiriwira. Amenewa ndiwo oyenera pa mizati yolowa m'nthaka, pakuti mankhwala a makina afika m'kati koposa a burashi. Mukadula, pakani mankhwala pa nsonga yodulidwayo. Koma zidutswa zace musaphikire kapena kuotha ai. Mankhwala obiriwirawo kawiri kawiri ali ndi ululu wochedwa arsenic, umene upita mu utsi ndi kutsala m'phulusa. Phulusa lotere lingaphe mbuzi kapena ng'ombe yolinyambita.

Mankhwala oposa onse ndiwo maso a mwini. Kamodzi pa mwezi yang'anani mizati. Mukaona njira ya dothi, iphwanyeni, nimufune kumene icokera.

10. NYENGO YA NCHITO IYI

M'dzinja musapake kanthu; sesani kokha, ndi kuona pamene madzi aima, kuti mudzakonzepo. Mvula itatha, m'miyezi ya May ndi June, yesani matabwa ndi msomali, ndi kucotsa oola. Inu okhala kumapiri a Thyolo ndi Mulanje, kumbukirani kuti ciperoni cinyowetsa matabwa m'nyengo ya cisanu, dikirani cipite. Nthawi yabwino yotsuka ndi kupaka ndiyo August ndi September, matabwa atauma bwino, kutentha kwa October kusanakule, ndiponso nchito ya kusosa m'munda isanakupanikizeni. Potero mvula ya November idzapeza khonde lokonzeka.

Caka ndi caka bwerezani ciyeso ca madzi a m'dzanja. Mbali yoombedwa ndi dzuwa ndi mvula idzafuna mafuta caka ciri conse. Ya pansi pa denga ingathe zaka ziwiri kapena zitatu. Kupaka kwa zaka zotsatira nkopepuka, pakuti mungotsuka, kuumitsa, ndi kupaka kamodzi.

Ngolo isagone pamvula. Imikireni citsakasa, ndipo muikweze kutsogolo kuti madzi atsike. Za ulalo, inu a mfumu ndi akuru a mudzi, pangani tsiku limodzi m'malimwe lakuti anthu akayese matabwa ndi mitanda yace ndi kucotsa dothi lounjikana pamenepo, ana a sukulu asanayambe kuolokapo pa madzi odzala.

Amene mwawerenga mau awa, muwawerengerenso anzanu, makamaka iwo amene ali pafupi kugula matabwa kapena kumanga khonde latsopano.